Mayina Pamwamba pa Pepala

Braamfontein, nsanjika yachisanu ndi chiwiri, mwezi wa Juni.
Hita ikung'ung'udza ngati njuchi m'botolo.
Zaka zitatu zapanikizana m'masamba khumi ndi anayi.
Chatsala n'chimodzi: mayina.

Langa lili patsogolo, poti ziganizo ndinaluka ndine.
Dokotala Mokgosi pakati, mwini masamu.
Pulofesa Vermaak kumapeto, pampando wa akuluakulu,
poti ndalama zinadzera pakhomo pawo.
Ndiye pansi penipeni, m'zilembo zonga nyerere:
tikuthokozanso otithandiza kumasulira.

Otithandiza.
Anali mmodzi, ndipo ali ndi dzina.

Ku Mayfair, kuseri kwa mashopu,
kumene bedi limodzi amagonapo mosinthana
wa ntchito ya usiku ndi wa masana,
zitseko zinkandiona ndi khadi m'khosi
n'kudzitseka zokha.
Asiyatu ankangogogoda kawiri:
"Odi, ndine mwana wa a Mdala a ku Namwera,"
mpiringidzo n'kugwa,
tiyi n'kubwera, wa shuga wambiri,
Chiyao n'kuyamba kuthamanga
ine ndikupuma wefuwefu m'mbuyo ndi fomu yanga.

Funso la khumi ndi chiwiri:
n'chifukwa chiyani mankhwala anu a magazi satha mwezi?
Ife tinali titakonzeratu kabokosi: kusokoneza kamwedwe.
Tinachonga, tinachonga, mpaka cholembera kuuma.

Tsiku lina m'takisi ya ku Bree,
rekoda ili pamiyendo, mvula ya matalala ikuswa denga,
iye anati, osandiyang'ana n'komwe:
"Sakusokoneza awa. Akugawa.
Theka amwa kuno,
theka alikulunga m'sokosi
likwere basi ku Park Station
likapeze mayi awo ku Mangochi."

Amati kandimverere adakanena za m'maluwa.
Uyu tinam'tuma kukatimverera
anabwera ndi muzu, dothi lili pompo.

Mawu akewo lero ali pa tsamba lachisanu ndi chinayi.
Avala tayi, akulankhula Chingerezi cha m'mphuno,
ndipo akuyamba ndi "tapeza kuti."
Tapeza, ife ndani?
Ine ndinali pambali pake, ndikuwerenga chenji cha dalaivala.

Pamsonkhano wa Lachiwiri ndinatsokomola kaye.
Pulofesa si munthu woipa, anavula magalasi:
"Pali malamulo. Mlembi ayenera kuwerenga pepala,
kulikonza, kulivomereza."
Dokotala Mokgosi anafunsa supuni ya m'kapu mwake:
"Kodi tinam'patsa kuti awerenge?"
Hita yokha ndiyo inayankha.
Wina anati, "Komatu tinam'lipira, malisiti alipo."
Alipodi. Marandi mazana atatu patsiku.
Nanenso pa twente-faifi foni yanga imalira,
koma dzina langa silinagulidwe nawo.

Loweruka ndinapita ku Fordsburg
kumene amasoka makatani.
Anaimitsa makina, napukuta manja,
nawerenga ndi choko cha telala m'dzanja,
pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.
Pa tsamba lachinayi anajambula mzere wabuluu:
"Bambo awa sananene kuti alibe chiyembekezo.
Anati atopa. N'zosiyana."
Pa lachisanu ndi chimodzi anaseka.
Pa lachisanu ndi chinayi sananene kanthu,
anangoyang'ana nthawi yaitali
monga muyang'anira mwana wako
atavala yunifolomu ya sukulu ya eni.

Ndinati, ndikufuna kulemba dzina lanu pamwamba.
Anati, "Lidzandigulira magetsi?"
Ndinati ayi.
Anaponda makina, nsalu inayenda mkono umodzi, naimanso.
"Mulembe bwino. Asiyatu, wa y pakati.
Pa chiphaso anam'taya y ameneyo.
Inu musam'taye."

Tsopano ndi usiku. Nsanja ya Hillbrow ikuphethira.
Ndalemba kalata kwa anzanga awiri,
ndafufuta "ngati n'kotheka,"
ndafufutanso "pepani povutitsa."
Ndaphatikiza masamba a mizere yabuluu.
Mayina ndi anayi.
Lake ndaliika lachiwiri,
ndipo chala changa chikadali pa langa,
chikulemera,
chikufunsa ngati pamenepo m'pake.